Kambuku wa Kanyenyezi

Lolemba
Pulani: pofika Lachisanu nditsimikize kuti *bars, liwu la kambuku m'chinenero cha makolo a Aturuki, ndi lawolawo, osati lobwereka. Akuluakulu a dipatimenti akakhutira, sikolashipu ipitirira. Akapanda kutero, ndege yobwerera kumudzi, kukatera pa Chileka.
Kanyenyezi kali patsogolopo kakutanthauza kuti palibe amene adawamva makolowo akulitchula. Tangoliumba poyerekeza zinenero za zidzukulu zawo.

Lachiwiri
A Mbewe, amene ndimakhala nawo nyumba kuno ku Ongar, asuzumira pepala langa. "Ma bars? Achimwene, akukulipirani kuti muzifufuza zamowa? Osanditenga bwanji?" Ndikufotokoza za kanyenyezi. Agona pampando, yunifolomu ya kosamalira okalamba ili m'thupi.

Lachitatu
Laibulale yayamba kutseka msanga, akuti kusunga magetsi. Zomwe ndapeza:
buku lina likuti ndi la Aturuki;
lina likuti adabwereka kwa Aperezi;
lina likuti sizikudziwika. Ili ndiye lonenepa kuposa onse!
Mwina wopusa ndine.

Lachinayi
Ku Parnell Street, kukafunsa bambo wogulitsa kebabu, nyama yootcha ya Aturuki, momwe agogo ake ankamutchulira kambuku. Si Mturuki, ndi wa ku Pakistani. Ndagula kebabu chifukwa cha manyazi.
Wailesi ya m'shopumo ikuti Celtic Tiger, chuma cha dziko lino chomwe ankachitcha kambuku, wafa. Dziko lonse likulira kambuku amene silidamuonepo. Wanga bola ali ndi kanyenyezi kochenjeza anthu.

Lachisanu
Holo yozizira, hita sayatsa. Ndikuyankhula mawu akunjenjemera. Wina akufunsa ngati *bars ndi kambuku wamawanga kapena wamizeremizere. Sindikudziwa!
Mkulu wa dipatimenti: "Zosangalatsa kwambiri." Pakhonde akuwonjezera motsitsa mawu kuti aphunzitsi anga akusamukira ku Australia, akuluakulu salembanso wina m'malo mwawo, ndipo masikolashipu adawadula mwezi watha.
Mwezi watha! Ndiye ndimanjenjemerera chiyani?

Loweruka
Amayi pafoni: "Mwanawe, kumvano ndawauza kale kuti ukhala dokotala. Paja wa nyama eti?"
Ndikuti eya, wa nyama.

Lamulungu
Mvula. A Mbewe akuti kuntchito kwawo kukufunika manja. "Nkhalamba za kumeneko zimayankhula zosamveka, achimwene, mukasangalala."
Mawa ndipita nawo.
Pachikuto cha faelo yanga, pomwe ndidalemba moyeserera kuti Dokotala, sindikufufuta. Ndangoikapo kanyenyezi patsogolo. Umboni ukuonetsa kuti akadakhalapo, koma palibe amene adamuona.