Kompyuta ya Bambo ndi Thadzi Lofiira

Lolemba

Chigamulo chaperekedwa m'mawa muno. Akazi anga, mayi a Chisomo, akuti, "Chibokosi chanucho chikapanda kuyaka pofika Lamulungu, ndichotsamo zam'kati, thadzi liziikiramo. Agalu atimalizira mazira kutchire."

Chibokosi! Kompyuta ya malemu bambo anga imeneyo, yomwe anapatsidwa akugwira ukalaliki ku Mvera. Ndinaphunzirirapo zilembo ndili wa kabudula wong'ambika. Bambo ankaisisita n'kumati, "Makina awa adzatidyetsa tsiku lina." Chiiwombereni mphenzi sinayakenso. Chinapsa ndi bolodi lokha, kathabwa kam'kati kokhala ndi njira za magetsi, ndiye ndipanga langa, pamanja. Chovuta n'chiyani?

Zofunika:
kathabwa kokutidwa ndi mkuwa, ndili nako
asidi wodya mkuwa, alipo m'botolo
pepala lopyapyala
mtendere pakhomo (ukusowa)

Lachiwiri

Tsiku lonse ndikujambula njira za magetsi papepala. Zokongola zedi, mwaluso ndithu! Ndikuliyanika pakhonde kuti inki iume, ndikupita kuseri kukasamba m'manja.

Pobwera, apongozi aamuna akhala pampando wanga, utsi tolotolo. Pepala langa lija apichiramo chingambwe! Theka lili pakamwa, theka m'thumba la jekete.

"Akamwini, pepala labwino ili, silitsokomoletsa. Lina lilipo?"

Mkamwini unganene chiyani pamudzi pa eni? Ndikuwomba m'manja mwaulemu, ndikuti ndiwafunira. Mumtima ndikulira.

Lachitatu

Za mapepala basi, ndaleka. Ndikujambula pamkuwa penipeni, kuchokera m'mutu, maso ali pa bolodi lakale lopsa lija. Pamafunika utoto woti asidi asadye pomwe pali njira. M'nyumba monse utoto wotere ndi umodzi: wa m'zikhadabo wa mayi a Chisomo, wofiira, womwe akusungira ukwati wa mphwawo Loweruka ku Bowe.

Ndingotapako pang'ono.

Madzulo: kabotolo kapepuka modabwitsa. Ndakabweza kuseri kwa galasi, ndakaimika bwinobwino.

Lachinayi

Bolodi lili mu asidi, asidi ali m'beseni losambitsira mwana. Ndikugwedeza pang'onopang'ono. Thadzi laima pakhomo, likundiyang'ana ndi diso limodzi ngati mwini nyumba wodikira kuti walendi asamuke.

Latuluka! Njira zonse waliwali! Ndazungulira nalo mudzi wonse. Aphunzitsi oyandikana nafe akuti likufanana ndi msewu wa ku Ntchisi, makona okhaokha. Nsanje basi.

Beseni lasanduka lachikasu, mtunduwo sukuchoka. Ndalivundikira kuseri kwa chigafa cha fodya.

Lachisanu

Mayo ine!

Ndabowola timabowo, ndikuti ndilowetse tizipangizo. Palibe cholowa m'malo mwake. Mwendo wa kumanja ukufuna bowo la kumanzere. Ndinajambula monga bolodi limaonekera pamwamba, chonsecho mkuwa umakhala kunsi. Pofunika kutembenuza! Ndaliika pagalasi, ndipo m'galasimo lili bwinobwino, lopanda cholakwa n'chimodzi chomwe. Kompyuta ya m'galasi ikanayaka lero lomwe.

Sindigonja. Ndikupinda timiyendo chagada, ndikulumphitsa mawaya uku ndi uku, ndikuwotcherera. Zala ziwiri zapsa. Bolodi tsopano likuoneka ngati chisa cha mpheta.

Thadzi lalowa m'chipinda kawiri kudzayendera malo.

Loweruka

M'mawa, mfuu kuchipinda: "Utoto wanga wapita kuti?" Kenako, "Nanga beseni la mwana?" Anyamuka kupita ku ukwati zikhadabo zili mbee, osanditsanzika.

Masana ndikulumikiza ku batire ya sola. Mboni: apongozi, aphunzitsi, thadzi. Ndikudina.

Kagetsi kobiriwira kayaka! Kayaka ndithu! Chokupiza mphepo cham'kati chazungulira, ndamva kulira kuja kwa kale, "piii," komwe ndinkamva ndili pamiyendo pa bambo. Misozi yalengeza, sindinama.

Kenako phu! Utsi.

Apongozi akununkhiza mofatsa. "Uyu ndi wowawa. Wa pepala uja unali bwino."

Lamulungu

Pochokera ku tchalitchi ndikunena kuti inayaka, mboni zilipo. Mayi a Chisomo akuti, "Iyakenso ndione." Mlandu wathera pomwepo.

Zam'kati ndachotsa ndekha, sindinafune dzanja la wina. Ndazikulunga m'malaya akale a bambo, zili pamwamba pa kabati. Bolodi langa apongozi atenga, akuti n'labwino kudulirapo fodya. M'bokosi mayi a Chisomo ayalamo udzu. Thadzi lalowa osaodira n'komwe, latembenuka kawiri, lakhala.

Chakumadzulo, kutetera kwa chipambano. Dzira limodzi, lofunda, pamalo penipeni pomwe panali bolodi la magetsi.

Mayi a Chisomo alikazinga ndi tomato, andiikira lonse m'mbale mwanga, akuseka chamumtima. Ndadya. N'lokoma, ndisaname.

Bambo, munanena zoona. Makina aja ayamba kutidyetsa.