Mwana Wanga Analibe Chikwakwa

Usiku wathawu ndinalota zoti wina akanathamangira nazo kwa abusa, koma ine ndabwera nazo kwa inu, anzanga. Mukudziwa kuti lero Mwatitha, mwana wanga uja wobadwira ku Mangalande, amayamba Fomu 1 pa sekondale yomwe ndinaphunzira ine. Sabata yonseyi mantha anga anali amodzi: akakamubweza pageti, mwanayo adzandifunsa chomwe ndinamubweretsera kuno, ndipo yankho ndilibe.

Ndiye m'malotomo tafika pasukulu, ine mu suti yanga yakunja, iye mu yunifolomu yonunkha sitolo. Sukulu ija yakula, abale! Pomwe panali bwalo la mpira pali makalasi, pamwamba pa makalasiwo pali makalasi ena, ndipo ena ankamera ife tikuona, njerwa zikukwerana zokha ngati linthumbu. Mkuyu womwe ndinkalowezera Chilatini pansi pake anali atauveka malata, akuutcha Fomu 2 G.

Ndiye geti linatsokomola.

"Chikwakwa chili kuti?"

"Chikwakwa cha chiyani?" ndinatero ine. "Ndamugulira dikishonale, chikwama, nsapato zachikopa..."

"Bambo, mwana watsopano aliyense amalowa ndi chikwakwa chotchetchera udzu. Inuyo munalowa ndi chiyani, supuni?"

"Koma udzu wake uti? Paliponse mwathira simenti!"

"Udzu unatha," linatero geti, "koma lamulo silinathe."

Kuyang'ana, mzere wa ana wafika kumsika, aliyense chikwakwa paphewa, akulowa n'kukachiponya pa mulu wotalika kuposa thanki ya madzi. Zikwakwa zapansi, zofiira ndi dzimbiri, zinkangodandaula kuti, "Ife tidzadya liti?"

Mwadzidzidzi tili mu ofesi ya ahedi, a Chimbalanga, omwe kale ankakopera masamu kwa ine. Anandipatsa moni bwinobwino, koma pokonza tayi khosi linayera, jekete linasanduka mapiko, basi khwangwala ali pampando. Achiwiri awo, mayi Nankwenya, anali atasanduka kale fulu, chidindo kukamwa, ali paulendo wochoka pakhomo kupita patebulo womwe anauyamba teremu yatha.

"Achimwene," anatero khwangwala, "inu munapita kalekale kokasambitsa nkhalamba za eni, ife tikuphwanya mitu pano. Lero mukufuna mwana alowe chimanjamanja? Ana achuluka. Ena amaphunzira m'mawa, ena masana, ena Lachiwiri lokha."

Desiki la pakona linalowerera nkhani. "Ine anandipangira anthu awiri. Lero amandikhalira asanu, wina pamiyendo ya mnzake. Wanuyu akhala pati, pamsomali?"

Mwatitha anandikoka jekete. "Adadi, tiyeni tizibwerera basi."

Mawu amenewo anandilasa, ndiye ndinapsa mtima.

"M'masiku athu," ndinayamba, "sukulu ino inali sukulu!"

Ndinamva kuyabwa m'mutu. Kugwira, udzu.

"M'masiku athu buku lililonse linali ndi chikuto! Belu linali belu, osati limu ya galimoto!"

Udzu uja unatulukira m'makutu, tsekera, nsenjere, mpaka kudenga. Ndikangoti "m'masiku athu" unkakulirakulira, koma pakamwa panakana kutseka. Ndinanena za laibulale, za kwaya, za tiyi wamkaka wa Lamlungu, ndiye udzu unatulukira pazenera, unadzaza makonde, unakwera masitepe, nkhwali n'kuyamba kulira paphewa panga.

Mwadzidzidzi panja panabuka nthungululu. Mulu wa zikwakwa unagumuka, ana akulimbirana, zikwakwazo zikukuwa kuti, "Ndiwo! Ndiwo!" Khwangwala anakwera patebulo, mapiko tambasu.

"Mayi Nankwenya, dindani! Anzathu amabweretsa chikwakwa, kholo ili labweretsa tchire lenileni. Mwana alowe!"

Fulu anathamanga koyamba chibadwire, chidindo n'kutera pachipumi pa Mwatitha, pha!

Ndiye ana anandizungulira, akutchetcha uku akuimba. Ndinatsinzina kudikira ululu, koma ayi ndithu, mutu unkangopepuka. Laibulale inagwa, kwaya inagwa, tiyi wamkaka anatayikira mu ngalande. Mtsikana wina wa mpata m'mano anatambasulira Mwatitha chikwakwa chake.

"Iwe mzungu, gwira chonchi, ungadzidule mwendo."

"Mzungu ndi agogo ako," anayankha mwana wanga, onse awiri n'kugwa nako kuseka.

Mwatitha anandimeta yekha phata lomaliza, anagwirana mkono ndi mnzakeyo, n'kulowa m'kalasi osacheuka. Ine ndinatsala pakhonde, mpala mbee, kamphepo kakundipita bwino pomwe panali tchire. Zikwakwa zinkamvekabe chapatali, shwe, shwe, shwe.

Kutsegula maso, kunja kwayera, achemwali anga akusesa pabwalo. Tsache linaima pansi pa zenera.

"Mwatitha, kadzutse bambo ako, muchedwa."

"Asiyeni agone, azakhali. Ndipita ndi Esinta wapaseliyu, akuti andisungira malo. Iwowa akapita nawo akayamba kuuza ahedi mmene sukulu inalili kale."

Chitseko chinatsekeka, timapazi tiwiri n'kuloza kumsewu. Ndinakoka bulangete mpaka m'khosi. Tsache linayambiranso.