Tobiyasi ndi Buku Lake la Chizungu Chakale

Mwambi mwandifunsawu, ana inu, uli ndi kwawo. Unabadwira ku minda ya tiyi, ndipo unayamba motere.

Kunali mayi wina, Nasibeko, wodziwa kusinja ufa woyera mbee. Tsiku lina kunamveka kuti dona wa ku esiteti akufuna mayi mmodzi woti azisinjira antchito ufa chaka chonse. Nasibeko anali wamasiye wa ana anayi, ndiye ntchitoyi ankaifuna ndi mtima wonse. Vuto linali Chizungu. Choncho anapita kwa mlamu wake Tobiyasi.

Tobiyasiyu ndinamuona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero ndimadabwa naye. Anali ndi buku la Chizungu limene analitola m'bokosi la mbusa wina amene anamwalira kalekale. Chikuto chinadyedwa ndi chiswe. M'katimo zilembo zinali zachilendo: s ankaoneka ngati f, ndipo mawu ambiri anali ndi kamchira ka e kosawerengedwa. Munali mawu otamandira mafumu ndi akazi awo, zoshashalika zokhazokha.

"Alamu, kandimvereni zimene dona akufuna," anatero Nasibeko.

"Mwafika pa mwini wake. Azungu a masiku ano amalankhula Chizungu chosukuluka. Changachi n'cha agogo awo. Ndikangomuthira mawu awiri okoma, ntchito ndi yanu."

Usikuwo Tobiyasi sanagone, m'mawa anavala jekete n'kunyamuka. Atafika pakhonde anagwada, nauza dona kuti ndi mayi wa "silly" kuposa amayi onse a m'dziko. M'buku mwake mawuwa ankatanthauza munthu wodala. Koma mawu nawo amakalamba, ana inu. Pofika nthawi imeneyo anali atasanduka chipongwe, kutanthauza chitsiru.

Dona anafiira nkhope. Tobiyasi anati mumtima, "Eya, zamulowa," n'kubwerezanso kachiwiri mokweza. Khukhi wa pamenepo, Che Bwanali, anatsokomola kukhitchini, koma Tobiyasi sanacheuke. Iye akafunse khukhi?

Dona anangolankhula mwachidule kuti mayi aliyense abwere ndi "flour" Lachisanu, iye adzasankha wabwino. Kenako anatseka chitseko.

Panjira Tobiyasi anakhala pansi pa mtengo n'kutsegula buku. Apa ndi pamene pamandisangalatsa ine. Kalelo Azungu ankalemba ufa ndi duwa mofanana, ndipo m'kamwa mpaka lero zimamveka chimodzimodzi. Bukulo linali ndi matanthauzo onse awiri. Tobiyasi anawayang'ana, n'kuganiza kuti mayi amene wangomutamanda chonchija sangatsike n'kuyamba kukamba za ufa.

"Alamu, dona akufuna maluwa," anatero Tobiyasi atafika kwa Nasibeko.

"Maluwa? Antchito adya maluwa?"

"Inu mumadziwa Chizungu?"

"Ayi."

"Ndiye khalani chete. Ndinamusungunula mtima, akufuna zokongola."

Nasibeko anakayikira, koma anaopa bukulo. Anasiya mphale imene anaviika, n'kulowa m'munda mwake. Anathyola chiluwe chonse cha maungu ake, osasiyako ndi limodzi lomwe, mpaka dengu linadzaza.

Lachisanu amayi asanu ndi awiri anandandalika pakhonde ndi malichero a ufa. Kumapeto kunali Nasibeko ndi dengu lachikasu, njuchi zikumuzungulira, Tobiyasi ali pambali atakumbatira buku.

Che Bwanali anafika pafupi. "Mayi, mwabweretsa ndiwo? Ufa uli kuti?"

"Akuti dona akufuna maluwa."

"Akuti ndani? Ine ndimakhala pano tsiku lililonse, Chichewa ndimamva. Bwanji simunabwere nokha kudzandifunsa?"

Ntchito inapita kwa mayi wina amene ufa wake unali wa misere, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Dona atamva nkhani yonse anayang'ana Tobiyasi, napukusa mutu, n'kunena liwu limodzi lokha: "Silly."

Tobiyasi anadumpha ndi chimwemwe. "Mwamva, alamu? Wandidalitsa!"

Nasibeko anamuvundikira dengu lija kumutu, njuchi ndi zonse. Chaka chimenecho kwawo sikunadyedwe dzungu. Kuyambira pamenepo Tobiyasi anthu anamutcha Kandimverere, ndipo wina akafuna kutuma mnzake pa nkhani yofunika kupita yekha, akulu amangomukumbutsa kuti: "Kandimverere anakanena za m'maluwa."