Sabata Imene Anandidyera Mapulaneti

Lolemba

Kuzizira kwa Lichinga lero n'kwamwano. Zala zauma, choko chikugwa chokha.

A Diretori atiitana mu ofesi, ine ndi Che Saide, mphunzitsi wa masamu. Nkhani yake ndi iyi: ku Lione kuli sukulu yopanda mphunzitsi. Amene analiko anathawa zigawenga zitadutsako, mpaka lero sakudziwika kumene ali. Mmodzi wa ife awiri apita. Loweruka kukubwera a Insipetori kudzaonera phunziro la aliyense, ndipo asankha okha.

Ku Lione! Msewu wake umayendedwa ndi koluna basi, magalimoto ondondozana asilikali ali patsogolo, ndipo si onse amene amafika. Ndikuopa, ndisaname. Mwana wanga Rosa sanayambe n'kuyenda komwe.

Koma nkhani n'njosavuta. Wophunzitsa moipa ndiye amene atayidwe kutchire. Che Saide aimbitsa ana kawiri-kawiri-folo mpaka a Insipetori awodzere. Ine ndiwaonetsa kumwamba konse! Ndili ndi magazini ya ku Rasha ya m'Chipwitikizi imene anandikulungiramo usipa kumsika. Ikununkha, koma muli Dzuwa, mapulaneti onse, ndi munthu wovala chisoti chagalasi akuyandama.

Zofunika:
Dzuwa: dzungu (la amake Rosa, sakudziwa)
Merikuriyo: njere ya mtedza
Venusi, imene ife timati Nthanda: ndimu
Dziko lathu: lalanje
Mwezi: njere ya chimanga
Marite: phwetekere
Jupiteri: kabichi
Saturuno: anyezi wovala mphete ya chubu cha njinga
Urano ndi Netuno: mbatata za kachewere
Pulutawo: nyemba

Mulungu anatha zonsezi sabata isanathe. Koma iye sanaime pamzere wa ku kooperativa.

Lachiwiri

Dzulo madzulo ndinasiya mwala pamzere wa kabichi kuti undisungire malo. Lero ndapeza wina wausuntha, uli kumbuyo kwa dengu la mayi wina ndi nsapato yakutha ya mlonda wa kuchipatala. Anthu a kwathu kuno ku Chiuaula alibe manyazi! Kukangana, kulumbira, kuloza kumwamba. Masana ndatuluka ndi Jupiteri m'khwapa. Ali ndi bowo la mbozi, koma magazini ikuti Jupiteri weniweni naye ali ndi banga lalikulu, ndiye palibe mlandu.

Ndawerenga zambiri. Dzuwa nalo ndi nyenyezi, kungoti lili pafupi. Zina zili kutali moti kuwala kwake kumayenda zaka ndi zaka kuti kutipeze, mwina ina inazima kalekale ife tikuionabe. Ndiye kuti kumwamba nako uthenga umachedwa ngati makalata ochokera ku Maputo.

Vuto: ngati Dzuwa ndi dzungu, dziko lathu liyenera kukhala kanjere ka mapira, ndipo Pulutawo akakhale kuseri kwa msika. Sindingatume mwana kuseri kwa msika ndi nyemba imodzi m'manja. Sabwerako. Onse apanikizana pabwalo la sukulu, a Insipetori sadzayeza.

Amake Rosa andipeza ndikupukuta dzungu ndi mpango wawo wakutchalitchi. Ndafotokoza zonse mwaulemu. Ayang'ana tebulo nthawi yaitali. "Nanga Mulungu mwamuika pati pamenepa, bambo a Rosa?" Ndati pulogalamu ya boma sinamutchule. "Chabwino. Koma dzungu ilo ndi la mbewu. Libwere lamoyo."

Lachitatu

Kuyeserera koyamba. Mwana aliyense agwire pulaneti lake, azungulire dzungu, iyenso akudzizungulira. Papepala zikuoneka bwino kwabasi.

Pabwalo:
Venusi wachita chizungulire, wagwa. Sanadye kuyambira dzulo.
Jupiteri wagunda Marite. Marite waphulika pa malaya anga oyera, okhawo.
Saturuno wavula mphete, akulasira nayo anzake.
Merikuriyo wasowa. Womugwira akuti wagwa m'fumbi, koma nsagwada zikuyenda.

Ndawakhazika pansi ndi kuwauza za anthu opita kumwamba. Amakwera chombo chokhala ndi moto kumatako. Kumeneko kulibe pansi, kulibe pamwamba, munthu amangoyandama, chakudya amachifinya m'kachubu ngati mankhwala otsukira mano. Asanatumize munthu anayamba atumiza galu. Mafunso, ine mayo!

"Senyoro profesori, galuyo anali ndi giya?" Akunena chikalata chija chimene popanda icho sungatuluke m'tauni muno. Ndati galu wa boma safunsidwa mapepala.

"Akafuna kupita kuchimbudzi amatani?" Tsamba limenelo linapita ndi usipa wa munthu wina.

"Kumwambako kuli zigawenga?" Ndati kulibe, kulibe ngakhale mpweya. Mtsikana wina wa kumbuyo: "Ndiye tisamukire komweko." Palibe waseka. Ndaimba belu nthawi isanakwane.

Che Saide anali pazenera nthawi yonseyi. Akuti, "Mwalimu, ndiwo zikatsala mundikumbuke."

Lachinayi

A Diretori abwera kudzaona okha. Aima, manja kumbuyo, nkhope ya maliro.

"Kamarada profesori, bwanji dzunguli langokhala phee pakati, anzake onse akutuluka thukuta kulizungulira? Ana aphunzirapo chiyani? Zimenezi tinathana nazo nthawi ya atsamunda." Ndati Dzuwa nalo limayenda, limazungulira pamodzi ndi nyenyezi zinzake mu mlalang'amba. "Ndiye liyende." Tsopano ndikufunika mwana wamphamvu wonyamula dzungu pamutu akuthamanga, enawo akumuthamangira. Chilengedwe chonse chikuthera kuchimbudzi cha atsikana.

Lamulo lawo lina: ndinene kuti woyamba kupita kumwamba anali wa ku Rasha, zimenezo n'zoona ndipo ndizinene mokweza. Za amene anaponda pa mwezi ndisazitchule. Ndafunsa kuti nanga ana akafunsa? "Munene kuti nkhaniyo ikufufuzidwa."

Kunyumba ndapeza alendo. Alamu anga, mlongo wa amake Rosa, ndi akazi awo ndi ana, afika wapansi kuchokera cha ku Lione komweko. Mapazi otupa, katundu mtolo umodzi. Sakufotokoza zambiri. Alamu angoti, "Tinagona kutchire, kenako tinaona kuti bola kuyenda."

Ndiwo zamadzulo: kachewere wothira anyezi. Ndadya, ndanyambita zala, ndathokoza. Kenako ndayang'ana m'dengu. Urano kulibe. Netuno kulibe. Saturuno watsala mphete yokha.

"Anthu ayenda masiku osadya, inu mukusunga mbatata kuti ndi nyenyezi?" Atero amake Rosa. Netuno anali wokoma, chilungamo chake.

Lachisanu

Pamphambano pali chingwe chotchinga msewu, cha amilisiya olondera. Wa lero ndi watsopano, mfuti yomutalikira. "M'dengumo muli chiyani?" Ndati zipangizo za sukulu. Watola lalanje. Ndati chonde kamarada, limenelo ndi dziko lapansi. Walitembenuza, walinunkhiza, walisenda ndi chikhadabo ine ndikuona. "Dziko ndi la anthu onse," watero, n'kundigawirako kagawo kamodzi. Ndalandira ndi manja awiri. Ndikanatani?

Zotsala: Dzuwa, Jupiteri wofota, ndimu, nyemba. Mwezi unapita ndi nkhuku ya aneba.

Ndauza ana m'kalasi kuti aliyense amene kwawo kuli chinthu chozungulira chodyedwa abwere nacho madzulo, n'chofunika mawa a Insipetori akabwera, apo ayi ndikupita ku Lione. Ndanena momveka, Chipwitikizi ndi Chinyanja chomwe. Mmene uthengawo wafikira kwa makolo sindikudziwa.

Madzulo anthu pakhomo pa sukulu mbwee! Amayi a ku Chiuaula, ena mpaka a ku Assumane, malichero pamutu. Kachewere, nyemba, mbatata za kholowa, nthochi, mapeyala, chinangwa. Bambo wina wa kunyanja, wogulitsa nsomba, wabwera ndi chambo chouma. Gogo wina wabwera ndi tambala wamoyo. M'chaka cha njala chino! Mayi wina wati, "Aphunzitsi, musapite. Mwana wanga wayamba kuwerenga chifukwa cha inu. Mlendoyo adye akhute, akusiyeni." Ndayesa kunena kuti si zakudya, ndi mapulaneti. Onse agwedeza mitu mwaulemu, "Eya, eya, mapulaneti." Misozi yandilengeza, ndanamizira chimfine.

Ndakonza zonse patebulo lalitali. Urano tsopano ndi mbatata ya kholowa, wautali ngati mkono. Zotsala zonse ndi nyenyezi za mlalang'amba. Chambo sindikudziwa. Tambala akhala nyenyezi ya mchira.

Mawa Che Saide aona polekera!

Loweruka

Ana afola kuyambira m'mawa, aimba nyimbo zonse zimene amadziwa, ayambiranso. A Insipetori afika dzuwa litapendeka, pa galimoto ya boma, bambo wamfupi wa jekete lachikopa. Ayamba kwa Che Saide. Kawiri-kawiri-folo. Awodzera, monga ndinanenera. Ndavina mumtima.

Kenako kwa ine. Atuluka pabwalo, aona tebulo, aima. Makolo ali kuseri kwa mpanda wa sukulu, ayamba nthungululu. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene kuti pachiyambi panali Dzuwa. A Insipetori akweza dzanja.

"Makamarada, ndayenda masukulu ambiri. Sindinalandiridwepo chonchi."

Awomba m'manja. Makolo awomba. A Diretori awomba kuposa onse, akundiponda phazi. Dalaivala watsegula kale kumbuyo kwa galimoto. Ndiuzeni, munthu woleredwa bwino amamuuza bwanji mlendo amene wathokoza kale pagulu kuti pepani, si zanu? Sizichitika. Agogo anga angadzuke m'manda.

Ndaima pamenepo ndikumwetulira ngati chitsiru. Jupiteri walowa. Venusi walowa m'thumba la jekete. Mlalang'amba wonse m'masaka. Nyenyezi ya mchira yalira kamodzi, aimanga miyendo. Dzungu ndalinyamula ndekha mpaka m'galimoto, chifukwa a Insipetori anati ndiwathandize, n'lolemera. Patebulo patsala Pulutawo, sanamuone.

Phunziro ndaphunzitsa ndi manja okha. Chibakera ichi Dzuwa, chala ichi dziko. A Insipetori amayang'ana wotchi. Mwana wina wafunsa ngati munthu anapondapo pa mwezi. Ndati nkhaniyo ikufufuzidwa.

Mu ofesi. A Insipetori agwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri. "Kamarada Saide ndi wabwino, koma ndi munthu wa m'kalasi. Inu mumadziwa kusonkhanitsa anthu. Mumadziwa zokolola. Makolo amakumverani. Munthu wotere tingamuwonongerenji m'tauni? Ku Lione kukufunika inu." Akuti ndi ulemu waukulu. A Diretori akuti aikonza giya yanga lero lomwe, sinachedwepo ya munthu wolemekezeka.

Che Saide sanaseke. Andiperekeza mpaka pachingwe cha amilisiya, kenako ati, "Pepani, mwalimu. Wallahi, ndimaganiza kuti ndi ine."

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Ndilibe naye mawu lero Mwini mapulaneti.

Za dzungu ndawauza amake Rosa asanandifunse n'komwe. Ndimayembekezera mkuntho. Angoti, "Lisiyeni," n'kupitiriza kusoka bulangete langa pamene linang'ambika. Bola akanandikalipira.

Koluna inyamuka Lachiwiri, kapena Lachinayi, kapena tsiku limene asilikali apeze mafuta. Rosa ndi amake atsala kuno, zimenezo sitinakambirane n'komwe. Alamu andijambulira pansi ndi kamtengo malo amene galimoto zimathamanga osaima, ndi mbali yoyenera kudumphira zikavuta. Aphunzitsa bwino kuposa ine, opanda ndi kabichi yemwe.

Zonyamula:
bulangete
choko
malaya a banga la Marite
magazini (ana a kumeneko nawo ali ndi thambo, mwina loposa lathu, kulibe magetsi)

Makolo ena abwera kudzapepesa kuti mwina mphatso inachepa. Ndawauza kuti ayi, inakwana ndithu.

Masana tili pakhonde, Rosa ali pamiyendo panga akudya batani la malaya. Amake aluma ulusi, osandiyang'ana.

"Bambo a Rosa, anthu anu aja, amene a Diretori akuti musawatchule. Anapitadi pa mwezi?"

Ndati anapitadi.

"Anabwerako?"

Ndati onse amene anapondapo anabwerera kwawo, kwa akazi awo.

"Onse?"

Onse.

Apinda bulangete, alisalaza ndi dzanja, aliika m'thumba. "Ndiye ku Lione si kutali ngati kumeneko. Mubwereko."

Ndati eya. Sanandifunse kuti magazini ikuti chiyani za Lione, ndipo ndathokoza.