Njinga ya Malume mu Tesitamento

Kuli anthu ena ku Malowera amene mpaka lero akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse moni. Ana anga amaganiza kuti bambo awo ndi munthu wokondedwa kwambiri, ndipo ine ndimangowasiya aganize choncho. Zoona zake n'zakuti pa tsiku lotsanzikana kusikola ndinatsegula pakamwa pamaso pa anthu odzaza bwalo, ndipo mlandu wa pakamwapo unagwera miyendo.

Sikola yathu inali ku vila, kutauni, ndipo ife a kutali tinkagonera komweko. Kunali mwambo wake. Amene atsiriza kalasi ya khumi ndi ziwiri, mafinalisita, mayeso akatha ankachita phwando, fesita, ndipo pachimake pa fesitayo pankawerengedwa tesitamento, ngati mawu aja amasiya munthu akamamwalira. Finalisita aliyense ankasiyira kanthu ana a m'makalasi a m'munsi. Zambiri zinali zosagwirika. Wina ankasiya mkonono wake. Wina ankasiya ziro wake wa masamu, n'kunena kuti wamulera zaka ziwiri koma sanakule. Wowolowa manja kwambiri ankasiya ndowa yodontha. Malamulo analipo awiri. Zikawerengedwa, adiretoro, akulu a sikola, ankadinda karimbu, chidindo chawo, papepalapo (munthu ameneyu ankakonda kudinda, mukanamuikira chinangwa patebulo akanachidindanso). Ndipo wosiya chuma ankasanduka "malemu" mpaka dzuwa kulowa. Malemu sayankhula za chuma chake, komanso sabweza mawu.

Chaka chathu, wolemba ndi wowerenga tesitamento ndinali ine, chifukwa ndinali ndi mawu aakulu komanso ndinkalemba mooneka bwino. Nzeru sanafunse.

Tsopano ndikuuzeni za njinga. Malume anga a Bonifasiyo, alongo awo a amayi, anali ndi njinga yakuda imene anabwera nayo kuchokera ku Zambia nkhondo itatha. Inali yakale kuposa ine, koma ankaipukuta tsiku lililonse ngati mwana wakhanda. Ndi imene inkapita kuchigayo, ndi imenenso inkanyamula azakhali kupita nawo kuchipatala mwendo wawo ukatupa. Sabata ya fesita anandibwereka kuti ndidzanyamulire mala wanga, bokosi lija la zovala ndi makaderno olembamo, pobwerera kumudzi.

"Upite nayo, ubwere nayo," anatero. "Usakweze munthu, usabwereke munthu. Wamva?"

Ndinati ndamva. Nditafika kusikola ndinauza aliyense kuti njingayo ndi yanga, mphatso yotsirizira sikola. Ndinaimanga maluwa apulasitiki pachiwongolero ndipo ndinkapita nayo ngakhale kuchimbudzi.

Ndiye panali Ameliya. Anali kalasi imodzi kumbuyo kwathu, kwawo kunali mbali ya ku Chiputo, kumene ankayenda wapansi masiku awiri mala ali pamutu. Ndinali nditamukonda chaka chathunthu, ndipo m'chaka chimenecho ndinayankhula naye katatu (kawiri ndinkabwereka lapizi yolembera, ndili ndi yanga m'thumba). Dzulo lake la fesita anandipeza ndikupukuta njinga. Anaima, manja kumbuyo.

"Inu mafinalisita mumangosiya mphepo," anatero. "Chaka chatha ndinalandira chifuwa cha munthu. Nanga inu, achimwene, mutisiyira chiyani? Fumbi la njinga yanuyi?"

Anaseka n'kumapita. Papepala ndinali nditalemba kuti ndikusiyira anyamata a kalasi ya khumi dzenje la pakati pa matiresi anga. Mpaka nthawi imeneyo ndinkaona ngati n'zoseketsa kwambiri.

Tsiku la fesita linafika. Ndinavala malaya oyera ndi nsapato zatsopano zothina. Ndinawerenga bwino ndithu. Anthu ankaseka, aprofesoro otiphunzitsa ankapukuta misozi, ndipo ine mutu unkakula ndi mzere uliwonse. Nditafika pa dzina langa ndinakweza maso, ndinamuona Ameliya pamzere wachitatu akuyasamula. Kuyasamula kumeneko ndi kumene kunandipha. Ndinatsitsa pepala.

"Ndipo ine," ndinatero, "kuti anthu ena asamati mafinalisita timasiya mphepo, ndikusiyira Ameliya wa ku Chiputo njinga yanga, ndi maluwa ake omwe!"

Bwalo linaphulika. M'mutu mwanga nkhaniyo inali yokonzeka kale: Ameliya achita manyazi, abisa nkhope m'chitenje, anzake amukodola, ndipo madzulo tikhala pansi n'kuseka limodzi. Njinga ikhala pamene ili.

Adiretoro anasuzumira papepala.

"Zimenezo sizinalembedwe apa," anatero. "Mukunena zoona, kapena tizisiye?"

Taonani, Mulungu ananditsegulira khomo. Ndikanangoseka n'kunena kuti tizisiye. Koma anthu ankaimba m'manja, ndipo adiretoro anali atanditambasulira cholembera. Ndinalemba, mooneka bwino ngati nthawi zonse. Karimbu inatsika, phaa!

Ameliya sanabise nkhope. Ananyamuka, anayenda mpaka kutsogolo osathamanga, anapinda maondo mwaulemu n'kutambasula manja onse awiri.

"Zikomo, malemu. Muuse mumtendere. Kiyi wa loko wa njingayo ali kuti?"

Ndinamupatsa. Nanga ndikanatani? Kenako anapempha adiretoro kuti akopere mzere umenewo papepala lina, ndipo iwo anasangalala kwambiri kupeza chinanso chodinda.

Nthawi ya chakudya ndinamutsata pamzere wa mpunga. Ndinawerama n'kunong'ona, "Ameliya, zija zinali nthabwala, wadziwa eti?"

Anatembenukira mnzake. "Iwe, wamva kanthu? Ngati pakudutsa mzimu."

"Malemu sayankhula!" anakuwa anthu a pamzere wonse, ndipo ena anayamba kuimba nyimbo ya maliro akumenya mbale ndi masupuni.

Ndinaganiza zodikira dzuwa kuti lilowe. Ndinkaliyang'ana ngati mlimi woyang'ana mitambo. Litangobisala kuseri kwa phiri ndinathamangira kogona atsikana, ndipo anandiuza kuti Ameliya ananyamuka anthu akuvina, mala wake atamanga kumbuyo kwa njinga, ndipo akagona kwa azakhali ake panjira. Maluwa aja anawasiya pawindo.

M'mawa ndinasenza mala wanga. Kamiyau, lole ya katundu, inanditengako chigawo, kwina konse ndinayenda, nsapato zothina zija zili m'manja. Njira yonse ndinkaluka bodza. Akuba. Ayi, apolisi. Ayi, yathyoka ndipo ndaisiya kwa wokonza. Ndinasankha la akuba, n'kuwapatsa ndi zipewa zomwe.

Ndinayiwala kuti masiku ano nkhani imayenda pa foni. Ndinapeza malume ali pansi pa mtengo wa masawu akusema mpini. Sanadzutse mutu.

"Takulandirani, malemu," anatero. "Maliro anayenda bwanji?"

Akuba anga onse anathawa. Ndinatula mala n'kukhala pansi. Azakhali anatuluka m'nyumba akutsimphina, n'kundiyang'ana, n'kulowanso. Zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipiridwa, chifukwa ndinkadziwa kuti sabata yotsatira ankayenera kupita kuchipatala.

"Ugone bwino," anatero malume. "Mawa tikupita ku Chiputo. Ndipo ukavale malaya ako oyera omwewo, kuti akakudziwe."

Amene anapitako ku Chiputo mvula itayamba akudziwa zimene ndikunena. Kamiyau inatitaya pamene matope anaikaniza. Tinawoloka mitsinje madzi ali m'chiuno, malume atanyamula jekete lawo pamutu. Sanandikalipire ngakhale kamodzi. Ankangoti tikafika pachitunda, "Apa njinga imatsika yokha," n'kupitiriza kuyenda.

Tsiku lachitatu masana tinafika kwa a Tembo, bambo ake a Ameliya. Malume anavala jekete lawo tisanalowe pabwalo. Tsopano muganize zimene a Tembo anaona. Mwana wawo wamkazi wabwera kuchokera kusikola ndi njinga imene akuti wapatsidwa ndi mnyamata. Patapita masiku ochepa pakufika bambo wachikulire wa jekete, kumbuyo kwake mnyamata wa malaya oyera woyang'ana pansi. Mphasa inayalidwa msangamsanga. Kuseri ndinamva nkhuku ikuthamangitsidwa. Amayi awiri ankandisuzumira pampanda akugundana zigongono.

Moni utatha, malume anakonza pakhosi.

"Tabwera chifukwa cha chinthu chimene chili pakhomo pano. Mnyamata uyu ndiye akudziwa mmene zinayambira."

"Chilipo, chilipo," anatero a Tembo akumwetulira. "Ndipo tayamika kuti mwabwera mwaulemu, osadzera kuseri. Koma mutikhululukire, chikadali ndi ntchito ya sikola. Mudikire chaka chimodzi."

"Chaka? Ife timafuna tibwerere nacho mawa."

"Mawa!" A Tembo anadzuka pang'ono pampando. "Kwanu mumachita choncho?"

"Pakhomo pathu pavuta popanda icho, bambo. Kuchigayo ndi icho, kuchipatala ndi icho. Chimanyamula thumba lathunthu la chimanga osadandaula."

"Kulimba kokha n'cholimba," anavomera a Tembo. "Chinatengera amake."

Malume anawayang'ana modabwa. "Matayala ndinasintha chaka chatha chomwechi."

Ngakhale nkhuku ija inasiya kulira.

"Matayala?" anatero a Tembo.

Anaitana Ameliya. Anabwera akupukuta manja, n'kugwada pambali pa bambo ake, ndipo anatulutsa pepala lija lopindidwa bwino. A Tembo analiwerenga pang'onopang'ono, anayang'ana karimbu, anandiyang'ana ine, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Amayi a pampanda aja atamva kuti kulibe ukwati, mmodzi anafunsa mokweza ngati nkhuku yaphedwa kale.

"Nena," anatero malume. "Nena wekha, ndi mawu ako aakulu aja."

Mawu aakulu anali atatsala ku vila. Ndinanena ndi kamawu ka udzudzu kuti njinga si yanga, ndi ya malume, ndinanama kusikola konse, ndipo ndikupepesa.

"Ndinkadziwa," anatero Ameliya.

Tonse tinamuyang'ana.

"Pansi pa chishalo palembedwa Bonifasiyo ndi penti yofiira. Ndinaona tsiku lomwe achimwenewa ankaipukuta."

"Nanga unaitengeranji, mwana iwe?" anafunsa bambo ake.

"Anandipatsa pamaso pa anthu, ababa. Ndikanakana ndikanawachititsa manyazi. Komanso zaka zonsezi ndayenda wapansi. Ndinati ndimveko kamodzi mmene anzathu amafikira kwawo khosi lisakuwawa. Ndinkadziwa kuti mwiniwake abwera."

Anapita kuseri n'kubwera nayo akukankha. Inali yotsukidwa, ndipo buleki ya kumbuyo, imene inafa ine ndili ku pulayimale, anali ataimanga ndi waya ndipo inkagwira. Malume anaifinya kawiri. Anazungulira njinga yonse, anagogoda matayala, n'kuifinyanso. Ndinaona kuti mkwiyo wawo wonse wasungunuka, koma osati kwa ine.

"Mwana wanga," anatero kwa Ameliya, "njinga sindingakusiyire, azakhali a uyu akudwala mwendo. Koma pepala la karimbu silingapite pachabe. Sikola ikamatsegulidwa, uyu adzabwera kudzakunyamulira mala mpaka ku vila. Pamutu."

Nkhuku ija tinadya ndithu, ndipo a Tembo ndi malume anapezana kuti anakhalapo msasa umodzi wa othawa nkhondo ku Zambia. Anacheza ngati abale. Potsanzikana m'mawa, a Tembo anapatsa malume nkhuku ina yamoyo. Malume anaimanga bwinobwino kumbuyo kwa njinga n'kukwera.

"Malume, ine ndikhala pati?" ndinafunsa.

"Pamalo pako pali nkhuku. Ndi mphatso imeneyi, singayende pansi."

Anandidikira pa mtsinje uliwonse, kuti ndiwaolotsere njinga.

Feriya, tchuthi cha sikola, itatha ndinapitadi ku Chiputo. Ndisaname, ndinapita mosangalala. Masiku awiri panjira ndi Ameliya! Ndinakonzeratu mawu. Mala wakeyo sindikudziwa anaikamo chiyani, mwina miyala ya pamoto, chifukwa pofika masana khosi langa linali litalowa m'mapewa. Iye ankayenda kutsogolo manja ali lende, akudya chimanga chowotcha, akundifotokozera za mnyamata wina wophunzira unamwino ku Tete amene ankamulembera mauthenga okoma. Anandiwerengera ena. Anandifunsanso ngati ndikuona kuti ndi munthu wabwino. Ndinati akuoneka wabwino (ndi amene anakwatirana naye, ndipo ndi wabwinodi, zimene zimandinyansa mpaka pano).

Mungaganize kuti pofika pamenepo ndinali nditaphunzira. Inenso ndinkaganiza choncho. Njira yonse ndinkadziuza kuti munthu ayambe wayeza mawu asanawatulutse, makamaka pamene pali anthu oonerera.

Titafika pachipata cha sikola, atsikana a kalasi yake anatizungulira akukuwa. Ndinatsitsa mala uja, maso akuchita mdima. Mmodzi wa iwo, wamaso okongola ndithu, anati, "Mayo, mwasenza chonsechi kuchokera ku Chiputo? Simunatope?"

"Aka?" ndinatero ndikukankha mala ndi phazi. "N'kopepuka aka. Ndikhoza kudzakasenzanso feriya ikubwerayi."

Ameliya anatembenukira anzake.

"Mwamva nonse, eti?"

Onse anali atamva. Ndinakasenzanso.