Tsiku Lomwe Ndinagwadira Nambala 28

Nkhani iyi anzanga a ku Umm Ghuwailina, kuno ku Doha, amaikometsera, mpaka ena amati ndinalira. Sindinalire ayi. Koma manyazi okha ndinawaona, ndiye bola ndikuuzeni ndekha mmene zinayendera.

Ine ndine Fanuel, dalaivala, wa zaka 46. Ndimayendetsa injiniya wina wa ku America, bwana Greg, amene amakhala pa compound ina ku Al Duhail. Nthawi imeneyo contract yanga inali itatsala miyezi iwiri kuti ithe, ndipo ndinali ndi chinsinsi. Bondo langa la kumanja linkati likapindika kwambiri, basi lauma, osafunanso kuwongoka. Poyendetsa galimoto silinkavuta, koma kuno dalaivala wa bondo lodwala sapatsidwa mpata wofotokoza. Amamutumiza ku medical, akachoka kumeneko ndi wa ku airport. Ndiye pamaso pa bwana ndinkayenda ngati msilikali, kutsimphina ndinkakayambira kuchipinda kwathu.

Bwana Greg ndi munthu wabwino, matenda ake ndi mpira wa kwawo, uja amavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati atonde. Lolemba lililonse ankalowa m'galimoto nkhope ili yakugwa, foni ili m'manja.

"Fanuel, timu yanga yandikhumudwitsanso."

"Pepani bwana. Ndi timu yomwe mumasapota?"

"Ayi, ndi yanga. Osewerawa ndinasankha ndekha. Uyu ndinamugula mwezi watha, uyu ndinasinthana ndi mnzanga."

Anandionetsa foniyo titaima pa maloboti. Munali zithunzi za amuna a makosi aakulu ngati ntchafu yanga, aliyense ndi dzina lake ndi manambala ake. Pamwamba panali dzina la timu, pansi pake mawu akuti Manager: Greg.

Kodi zaka zonsezi ndikuyendetsa mwini timu? Munthu wovala kabudula mmodzimodzi weekend yonse!

Madzulo ndinawauza a Mbewe, achikulire amene ndimagona nawo chipinda chimodzi, omwe ndi a security pa hotela ina.

"Ali ndi timu ku America? Nanga akukhaliranji nyumba ya kampani ku Duhail?"

"Olemera enieni sadzionetsa, achimwene. Inu simungadziwe."

Anangondiyang'ana n'kupitiriza kusita yunifomu yawo.

Ndiye Lolemba lina bwana anabwera ndi nkhani ya running back. Kwa amene simuudziwa mpira umenewu, running back ndi wosewera amene amapatsidwa mpira m'manja n'kuuzidwa kuti athamange nawo kudutsa pakati pa zimphona zofuna kumugwetsa. Ndi ntchito ya ganyu yeniyeni. Wa bwana ankavala nambala 28.

"Wakalamba, Fanuel. Ali ndi zaka 30."

"Thirty? Wakalamba?"

"Pa ntchito imeneyi ndi nkhalamba. Bondo lakenso silili bwino. Masabata atatu sanandichitire chilichonse. Pali wina wa zaka 22, ali free, palibe wamutenga. Ukuona bwanji, ndimuchotse?"

Bondo langa linamva mawu amenewo lisanamve khutu.

"Mukamuchotsa apita kuti, bwana?"

"Wina akhoza kumutola. Kapena ayi."

"Nanga notice?"

"Notice ya chiyani? Ndimangodina apa, khalas, zatha."

Anandionetsa kabatani kofiira pansi pa chithunzi cha munthuyo. Chala chimodzi, ntchito ya munthu yatha! Ndinamva chisoni, ndipo ndisabise, ndinachitanso mantha. Bwana anati aganiza mpaka Lachisanu, tsiku lomwe mamanijala anzake abwere kudzawotcha nyama kunyumba kwake, ndipo ine ndidzanene maganizo anga.

Masiku atatu amenewo ndinagwira ntchito yomwe palibe anandituma. Ndikamadikira madam, akazi a bwana, pa car park ku Al Sadd, ndinkaonera mavidiyo a Nambala 28 mpaka foni kutentha. Malamulo a mpirawo sindinkawadziwa, koma munthu wogwira ntchito molimbika ndimamudziwa. Ndinaona kuti anzake a kutsogolo, omwe amayenera kumutsegulira njira, ankangogwa ngati matumba. Ndinaona kuti mpira ankamupatsa mwa apo ndi apo, kenako n'kumudandaula kuti sakuthamanga. Ndinaonanso kuti akaugwira mpira sautaya, pamene wa zaka 22 uja liwiro ali nalo koma amaugwetsa ngati mbatata yotentha.

Chomwe chinandimaliza chinali kavidiyo kena. Masewero atatha, Nambala 28 ananyamula ana ake aakazi awiri, mayi ake okalamba ataima pambali akumupukuta thukuta. Ndinazimitsa foni.

Mfundo zanga ndinazilemba pa pepala. A Mbewe anandipeza ndikuziloweza.

"Iwe, munthuyo ndi mbale wako?"

"Ndi wantchito mnzanga, achimwene."

"Akudziwa kuti uliko?"

"Sizofunika kuti adziwe."

Lachisanu masana ndinabweretsa makala ndi ice, n'kupeza azungu asanu ndi mmodzi kuseri kwa nyumba, aliyense foni kudzanja lina, nyama kudzanja lina. Nkhani zawo zinali zoopsa. Uyu akuti ndamutaya wanga, uyo akuti ndigulitse wako ndikupatse awiri. Ankatchula anthu ngati mbuzi za pa msika, kwinaku akuseka, mafuta ali noninoni pakamwa.

"Anyamata, uyu ndi Fanuel," anatero bwana. "Ndinamufunsa za 28. Yalla, tiye Fanuel, tiuze."

Ndinatulutsa pepala langa. Ndinayamba ndi anthu otsegula njira aja, ndinabwera ku kuchepa kwa mipira yomwe amamupatsa, ndinamaliza ndi manja oterera a wa zaka 22. Azunguwo anasiya kutafuna. Wina mpaka anaomba m'manja.

"Greg, dalaivala wako amaudziwa mpira kuposa iwe!"

Mutu unandikula. Ndikanakhala wanzeru ndikanapinda pepala langa n'kubwerera kugalimoto ndi ulemu wanga wonse. Koma panali mmodzi wa dazi, dzina lake Rick, amene anapukusa mutu.

"Zonsezo ndi zoona, koma bondo likayamba ndiye kuti munthu watha. Ukamusunga chifukwa cha chisoni uluza. Chotsa, Greg."

Bwana anagwedeza mutu, anatsegula foni, chala chija n'kuyamba kutsikira pa kabatani kofiira.

Kwathu munthu ukamapepesera mnzako kwa wamkulu suima chilili. Thupi linangochita zomwe linaphunzira lili mwana. Ndinagwada maondo onse awiri pa matailosi otentha aja, n'kuomba m'manja katatu.

"Bwana, please! Munthuyu ali ndi ana awiri. Ali ndi mayi okalamba. Wakugwirirani ntchito mokhulupirika, wagundidwa chifukwa cha inu, bondolo wavulalira pa ntchito yanu. Lero mukumutaya ndi chala chimodzi mukudya nyama? Mulekeni amalize contract yake. Ngati mwatopa naye, mupatseni notice ngati munthu!"

Ndinkangomva mafuta akuthetheka pa makala.

Madam ndi amene anayamba kulankhula. Anaika mbale ya saladi pa tebulo pang'onopang'ono.

"Fanuel, iwe ukuganiza kuti Greg amamulipira munthu ameneyu?"

"Si mwini timu, madam?"

Rick anatsamwa ndi nyama. Madam anayesetsa kundifotokozera mwaulemu, koma mapewa awo ankagwedezeka. Anati ndi masewero a pa foni. Aliyense amasankha mayina a osewera enieni, osewerawo akachita bwino ku matimu awo enieni, iwe pa foni umapeza mapointi. Nambala 28 ali ndi timu yake yeniyeni ndi mabwana ake enieni, ndipo sadziwa n'komwe kuti padziko pano pali munthu wotchedwa Greg. Kabatani kofiira kaja sikachotsa munthu ntchito, kamangochotsa chithunzi.

Wina anandibweretsera foni pafupi ndi nkhope kuti ndione nyumba ya munthu amene ndinkamupepeserayo. Swimming pool yake yokha inali yaikulu kuposa bwalo la compound yonse.

Kuseka komwe kunabuka pamenepo, mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. Bwana ankapukuta misozi.

"Oh Fanuel, uli ndi mtima wabwino. Dzuka, dzuka."

Ndinayesa kudzuka. Bondo linakana.

Ndinayesanso mwakachetechete. Linali litauma gwa, ngati alithira simenti. Nzeru yokha yomwe inandibwerera inali yopitiriza kupempha mpaka litamasuka.

"Sindidzuka, bwana, mpaka munene kuti simumuchotsa."

"Koma wamva, ndi game chabe."

"Ngakhale ili game."

"Okay, sindimuchotsa. Dzuka."

"Lonjezani."

"Ndalonjeza!"

"Lumbirani pamaso pa anzanuwa."

Bwana anakweza dzanja, akusekabe, n'kulumbira kuti Nambala 28 akhala mu timu yake mpaka season ithe. Azungu anaomba m'manja. Zopempha zinandithera, bondo lili pomwepo.

"Nanga wa zaka 22 uja, bwana, nayenso..."

"Fanuel," anatero madam, kuseka kutawathera, "kodi ukutha kudzuka?"

Anandinyamula anthu awiri, bwana mbali ino, Rick mbali inayo, mwendo uli chipindikire m'malere. Anandikhazika pa mpando wa pulasitiki, madam n'kuthamangira ice yemwe ndinabweretsa ndekha uja. Bwana anagwada pambali panga, iye wa maondo abwinobwino.

"Ndi bondo liti?"

"La kumanzere, bwana."

"Nanga ukugwiriranji la kumanja?"

"Ululu umayenda, bwana."

"Limenelo si la brake?"

Zaka ziwiri ndinalibisa bondo limenelo, kukwera masitepe ndikumwetulira, kunyamula masutikesi ndikuimba nyimbo, ndipo ndinaliulula ndekha pofuna kupulumutsa munthu wa swimming pool.

Lamulungu m'mawa ndinali ku clinic ku Al Sadd. Ndili pa mzere ndinkaganiza za ana anga ku Kasungu ndi zomwe ndikawauze ndikatsika ndege. Adokotala analipinda bondolo, analiwongola, analijambula, kenako analemba pepala. Ndinakalipereka kwa bwana. Anawerenga mokweza.

"Fit to drive. Physio milungu isanu ndi umodzi. Asamagwade."

Anaseka n'kusaina contract yatsopano. Anangowonjezera kuti tsiku lina ndikadzabisanso matenda, kabatani kofiira adzakapeza. Ndinathokoza nditaima chilili.

Bwana ndi munthu wosunga mawu. Nambala 28 anakhalabe mu timu yake monga analumbirira. Sabata yotsatira munthuyo anagundidwa masewero atangoyamba kumene, ndipo sanaseweranso chaka chimenecho. Wa zaka 22 uja anatoledwa ndi Rick, manja ake anasiya kuterera, Rick n'kukhala nambala wani. Bwana wanga anathera pansi penipeni.

Ndi pamene ndinamva kuti gulu lawo lili ndi lamulo: wothera pansi amatsuka magalimoto a anzake onse asanu, iwo atakhala pa mipando akuonerera.

Lachisanu lomaliza bwana ananditengera kuseri kwa nyumba. Panali ndowa ziwiri ndi masiponji awiri.

"Manijala satsuka yekha, Fanuel. Amatsuka ndi mlangizi wake. Iwe tsuka madenga, adokotala anakuletsa kugwada."

Madenga asanu a magalimoto akuluakulu, dzuwa la Doha lili pamutu, Rick akuloza ndi fupa la nkhuku pomwe ndasiya fumbi!

Musanamugwadire munthu, yambani mwaona nyumba yake.