Tcheni cha Makolona cha Apongozi

Mpaka lero ndikafika kwa apongozi ku Chigumula, makwerero amawabisa kuseri kwa khitchini. Kulakwa ndinalakwa, koma osati mmene amakambira anthu.

Ine ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Limbe. Apongozi anga aakazi amapanga makolona: amagula tcheni chachitali cha mikanda yachitsulo n'kumadula okha. Loweruka lina tili kwawoko anali nacho chatsopano, cha makolona a ana olandira Ukalisitiya woyamba mawa lake. Nditachiona, pakamwa panandiyabwa. Ndinauza mkazi wanga kuti tcheni chotere ukachiika m'kapu n'kuponya nsonga pansi, chimayamba chakwera m'mwamba ngati uta chisanagwe.

Apongozi salankhula nane mwachindunji (amati ndi mwambo, ine ndimati ndi chilango). Anayang'ana mwana wawo.

"Uwauze amuna akowo kuti chinthu chogwa sichikwera. Bodzalo azikanamiza ana asukulu."

Wabodza ine? Pamaso pa mkazi wanga? Mtima unawira. Ndinafotokoza bwinobwino kuti mikandayo imalumikizana ndi kawaya kolimba. Mbali imodzi ikanyamuka, inayo imaponda mulu uli m'kapumo, muluwo n'kuikankhira m'mwamba. Ndipo pogwera pakatalika, liwiro limakula, utawo n'kukwera kwambiri.

"Uwafunse ngati amwa tiyi," anatero apongozi.

Ndinakwera pampando ndi kapu. Tcheni chinadzuka kutalika ngati chala.

"Uwauze sindinaone kanthu."

Ndinakwera patebulo. Chinadzuka bwino ndithu, koma pa nthawi yomweyo apongozi anali kuthamangitsa nkhuku (dala, ndikulumbira). Apa munthu wanzeru akadatsika n'kumwa tiyi uja. Ine ndinakatenga makwerero.

"Bambo a Chisomo, tsikani," anandinong'oneza mkazi wanga. "Muboola malata."

Ndinaima pamwamba penipeni pa denga, n'kuponya nsonga. Abale inu! Tcheni chinalira kuti wayawaya, n'kudzuka kupitirira mutu wanga, chikunyezimira padzuwa. Ndinakuwa, "Auze ayang'ane!" Anayang'anadi, kukamwa kuli yasa.

Chomwe ndinaiwala n'chakuti uta umakagwera patali, ndipo ukayamba suimitsika. Tcheni chinadumpha mpanda. Ndinayesa kugwira mchira, unandikwapula pamphuno n'kutsatira anzake. Chonsecho chinakathera m'chithaphwi cha abakha a aneba, madzi ake obiriwira aja.

Apongozi anagwira kumutu. "Mayi Maria! Makolona a ana!"

"Auze kuti anali asanadalitsidwe," ndinatero ndili padengapo. Mawu amenewa sanandithandize.

Ndinachivuula ndekha, thalauza lopinda, abakha akundijompha akakolo. Ndinatsuka mkanda umodziumodzi ndi mswachi wanga, n'kumasula mfundo mpaka zala kutupa, uku apongozi akudula ndi kulumikiza osandiyang'ana. Ana analandira makolona awo, ndipo ine m'tchalitchi ndinakhala kumbuyo, kupemphera kuti wina asawanunkhize.

Potuluka, apongozi anaima pafupi nane, maso ali kwa mwana wawo.

"Uwafunse amuna akowo ngati aphunzirapo kanthu."

Mkazi wanga anandiponda phazi kuti ndipepese. Ndinapinda manja mwaulemu, mphuno ili yotupa, n'kuwerama pang'ono.

"Auze kuti ndapepesa," ndinatero. "Koma uwafunsenso: chinakwera kapena sichinakwere?"